Chitini cha Mabisiketi

Timu yathu yonse imakwana m'chitini cha mabisiketi.
Ndimachisunga pansi pa bedi, ku Ulongwe kuno,
pafupi ndi thumba la mbewu ya kachewere:
makadi a osewera makumi awiri ndi atatu,
kope la ngongole, wezulo yosweka,
ndi malisiti amene inki yake inathawa ndi mvula ya chaka chatha.
Ndine Felizarda, msungichuma wopanda chuma.

Lachiwiri kunabwera galimoto yoyera yochokera ku Moatize,
fumbi la malasha likadali m'matayala.
Ankafuna Gervasio, mwana wa phazi lamanzere uja
tinamutola akumenya mpira wa mapepala kuseri kwa chigayo.
Anayala kontalakiti patebulo la aphunzitsi,
masamba khumi ndi limodzi, Chipwitikizi chokhachokha,
chosiyana ndi chija timagulira sopo pamsika.
Mtengo anautchula pang'onopang'ono.
Apulezidenti athu anameza malovu, tonse tinamva.

Kenako loya wawo anavula magalasi.
Nambala yanu ya msonkho ili kuti? Akaunti ya kubanki?
Chikalata chosonyeza kuti boma limakudziwani?
Ndinatsegula chitini. Anasuzumiramo
ngati munthu woyang'ana m'chitsime chouma.
Amayi, anatero, pamaso pa lamulo timu yanuyi kulibe.

Kulibe?
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tikuthira phulusa m'mizere ya bwalo.
Dzino la Anastansio likadali penapake pafupi ndi golo ya kumpoto.
Nanga aja anatichinya zisanu ku Domwe,
ankachinya ndani?

Usiku womwewo anagogoda bambo Kamtedza a sitolo ya feteleza.
Dzina lawo lili pachifuwa cha jezi iliyonse,
zilembo zachikasu zoyamba kusupuka.
Akuti mwana wovala dzina langa ndi wanga,
theka la ndalamazo libwere kuno.
Pangano lathu linali la pakamwa, pansi pa mtengo wa pichesi,
mboni ziwiri: wina tinamuika chaka cha dzana, wina ali ku Joni.
Mayi ake a Gervasio nawo atumiza mawu:
anamugulira nsapato zoyamba ndani?
Ngakhale mwini munda umene unasanduka bwalo
wakumbukira mwadzidzidzi kuti bambo ake ankadzalapo nyemba.
Ndalama sinafike, koma yapeza kale achibale.

Ndiye ndinakwera shapa m'bandakucha, chitini pamiyendo,
kutsika kuchoka kozizira kwathu mpaka m'ng'anjo ya Tete.
Ofesi yoyamba inafuna mayina khumi a oyambitsa.
Yachiwiri inafuna malamulo a bungwe, otayipa, makope atatu.
Yachitatu inali ndi chidindo,
koma mwini chidindo anali kumaliro.
Ndinadya chimanga chootcha pafupi ndi mlatho
ndikuyang'ana Zambezi akudutsa
popanda womufunsa chikalata.

Akuti tidikire miyezi itatu, mwina isanu.
Msika wa osewera utsekedwa Lachisanu likubwerali.
Gervasio sakufunsanso.
Amangofika pabwalo anzake asanafike,
n'kumamenya mpira pakhoma la kalasi mpaka mdima,
lamanzere, lamanzere, lamanzere,
khoma likubweza chilichonse chimene walipatsa.

Lamlungu ndidzamanga chingwe pakati pa bulugamu awiri,
ndidzakhala pampando wanga, chitini chili chotsegula.
Metikali makumi awiri munthu wamkulu,
ana amadutsa pansi pa chingwe, ndimayang'ana kumbali.
Adzabwera pa njinga, atavala za kutchalitchi,
ena ochokera kutsidya kwa malire ndi makwacha awo opindapinda,
kudzakuwira timu imene kulibe
mpaka mawu atasasa.
Ine ndidzang'amba tikiti iliyonse mosamala,
kachidutswa kotsalako ndilembepo tsiku,
poti mwina ku Tete adzafunanso umboni.